Dzimbiri silidikira kuti nkhondo ithe

Kumpoto kwenikweni kwa Russia kuli zilumba ziwiri zitalizitali zotchedwa Novaya Zemlya. Kumadzulo kwake kuli nyanja ya Barents, kum'mawa kuli nyanja ya Kara. Mbali ya kum'mawayo nyanja idalowerera kumtunda m'malo angapo, ndipo pa amodzi mwa malo amenewa, Stepovogo Bay, pagona sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi yotchedwa K-27. Madzi ake ndi akuya mamita 33 okha. Sitimayi sidamire mwangozi ayi. Asilikali apamadzi a Soviet Union adaikokera kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 n'kuimiza dala, ili ndi mariyakita ake awiri, ng'anjo zija zimene zimatulutsa mphamvu ya nyukiliya, mafuta a yureniyamu ali momwemo.

Zimene ndikufuna kunena n'zosavuta kumva. Boma limene lidataya poizoni m'nyanja, kapena boma limene lidalowa m'malo mwake, ndilo liyenera kumuvuula, kumulondera ndi kuuza dziko lonse zoona zake. Udindo umenewu sudalira kuti anansi asonkha ndalama, komanso suima chifukwa kwabuka nkhondo. Boma la Russia likamazengereza kuvuula K-27 ndi zinzake, likhala likusankha kuti zisadzavuulidwenso, pakuti chitsulo chokhala m'madzi amchere chimafika poti ukachinyamula chimathetheka.

K-27 idali sitima yoyesera. Mariyakita ake ankaziziritsidwa ndi chitsulo chosungunuka m'malo mwa madzi, njira imene akatswiri a nthawiyo ankaiona ngati yatsogolo. Mu Meyi 1968 riyakita imodzi idawonongeka sitimayo ili panyanja, cheza choopsa chidadzaza m'zipinda, ndipo anthu 9 adafa nacho. Kwa zaka zoposa khumi akuluakulu a asilikali adasowa chochita nayo. Pomaliza adathira phula ndi mankhwala ena ouma gwa m'chipinda cha mariyakitawo kuti madzi asalowe, n'kukaimiza. Phula limenelo silidapangidwe kuti likhale mpaka muyaya. Chimene akatswiri amaopa n'chakuti madzi akadzapeza polowera n'kufika pa yureniyamuyo, amene ndi wamphamvu kwambiri, moto wa nyukiliya ukhoza kudzuka wokha pansi pa nyanja popanda wouzimitsa.

Sitimayi siili yokha. Mu 1992 Boris Yeltsin, pulezidenti wa Russia wa nthawiyo, adakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi katswiri wa zachilengedwe Alexei Yablokov kuti ifufuze zimene dzikolo lidataya m'nyanja. Lipoti lake lidatuluka mu 1993, ndipo lidavomereza poyera zimene zidabisidwa kwa zaka zoposa 30. M'nyanja ya Kara mudatayidwa mariyakita 16, ndipo 6 mwa iwo adali ndi mafuta ake ogwiritsidwa kale ntchito, amene ndiwo oopsa koposa. Mudatayidwanso gawo la mafuta a nyukiliya a sitima yoswa madzi oundana yotchedwa Lenin. Kuwonjezera apo, kuwerenga kwa pambuyo pake kudapeza makontena a zinyalala za nyukiliya pafupifupi 17,000, ndi zombo zoposa 15 zimene zidadzazidwa zinyalala n'kumizidwa zathunthu. Zamadzimadzi ankangozipopera m'nyanja ya Barents sitima ikuyenda.

Apa pali mfundo imene imandipweteka kwambiri. Amene adachita izi sadali akuba oyenda usiku kapena kampani yozembera malamulo kuti ipeze phindu. Adali asilikali ovala yunifolomu ndi antchito a sitima za boma, akutsata malamulo olembedwa ndi kusainidwa m'maofesi a boma. Pa milandu yambiri yowononga chilengedwe timavutika kupeza mwini wake, chifukwa kampani idatseka kapena idasintha dzina. Kuno mwini wake akudziwika, ali ndi mbendera, ali ndi likulu, ndipo ali ndi mabuku a zonse zimene adachita.

Ndipo ankadziwa kuti akulakwa. Mu 1972 maiko adagwirizana pangano la ku London loletsa kutaya zonyansa m'nyanja, ndipo Soviet Union idalowamo pakati pa zaka za m'ma 1970. Panganolo lidaletseratu kutaya zinyalala za nyukiliya zamphamvu kwambiri. Zofooka zokha n'zimene zinkaloledwa, ndipo malangizo a IAEA, bungwe la maiko onse loona za mphamvu ya nyukiliya, adali akuti zitayidwe kutali ndi gombe, pakuya mamita oposa 4,000, komanso osati kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Nyanja ya Kara siikwanitsa ngakhale chimodzi mwa zimenezi. Malo akuya kwambiri amene adatayako sapitirira mamita 400, ndipo ena ndi osafika n'komwe mamita 50. Mu 1983 maiko adagwirizana kuimitsa kaye kutaya zinyalala za nyukiliya zamtundu uliwonse, koma sitima za Soviet Union zidapitiriza, boma lake likuuza anzake a m'panganomo kuti silitaya kanthu m'nyanja. Ngakhale lipoti la Yablokov litatuluka, mu Okutobala 1993 a bungwe loteteza chilengedwe la Greenpeace adajambula sitima ya asilikali a Russia ikukhuthula matani pafupifupi 900 a madzi a nyukiliya m'nyanja ya Japan. Mwezi wotsatira maiko adaletseratu mchitidwewu, koma Russia idadikira mpaka 2005 kuti ivomereze chiletsocho.

Anthu amene adayesa kulankhula adalipira mtengo wowawa. Andrei Zolotkov, injiniya wa sitima za nyukiliya ku Murmansk amene adalinso phungu, ndi amene adaulula za ku Kara mu 1991, nthawi imene boma linali litafooka moti silikadamutseka pakamwa. Amene adabwera pambuyo pake sadachite mwayi wotero. Alexander Nikitin, kaputeni wopuma wa sitima zankhondo, adathandiza bungwe loteteza chilengedwe la ku Norway lotchedwa Bellona kulemba lipoti la zinyalala za nyukiliya za asilikali apamadzi a kumpoto. Mu Febuluwale 1996 adamangidwa ndi FSB, apolisi achinsinsi a Russia, pa mlandu wa ukazitape, adakhala m'chitokosi miyezi pafupifupi khumi, ndipo khoti lidadzamupeza wosalakwa kumapeto kwa 1999. Grigory Pasko, mtolankhani wa asilikali amene adajambula kutaya zinyalala m'nyanja ya Japan, adagamulidwa zaka 4 m'ndende mu 2001. Mu 2023 boma la Russia lidalengeza kuti Bellona ndi bungwe losafunika m'dzikomo, kutanthauza kuti mzika ya Russia yogwira nalo ntchito ikhoza kuimbidwa mlandu. Boma likamanga munthu wowerenga migolo ya poizoni m'malo momanga dongosolo loivuula, limakhala lasonyeza lokha chimene limaopa kwambiri pakati pa poizoniyo ndi manyazi.

Wina akhoza kunena kuti zonsezi adachita ndi a Soviet Union, dziko limene lidatha mu 1991, ndiye tisawasenzetse a lero katundu wa akufa. Ine sindivomereza. Kwathu kuno munthu akalowa dzina la malume ake amalowa ndi minda yomwe, ulemu womwe, ndiponso milandu imene malemuwo adasiya isanathe. Sangalandire mpando n'kukana ngongole, pakuti mlandu suola. Mu Disembala 1991 Russia idatenga mpando wa Soviet Union ku nthambi ya chitetezo ya United Nations, pamodzi ndi mphamvu yokana chigamulo chilichonse. Idatenga zida za nyukiliya, nyumba za akazembe m'maiko akunja, ndi sitima zonse za asilikali apamadzi a kumpoto. Mariyakita ali pansi pa nyanja ya Kara ndi mbali ya chuma chamasiye chomwecho.

Komanso si zonse zimene zili pansipo n'za nthawi ya Soviet Union. Sitima ina ya nyukiliya yoyenda pansi pa madzi, K-159, idamira pa 30 Ogasiti 2003, Vladimir Putin ali kale pampando. Idapumitsidwa ntchito mu 1989 n'kusiyidwa pa doko la Gremikha kwa zaka 14 ikudyedwa ndi dzimbiri. Atafuna kukaiphwasula, adaimangirira ku zoyandamitsa zinayi zakalekale n'kuyamba kuikoka, anthu khumi ali mkati. Nyanja itawinduka zoyandamitsazo zidadukako, sitimayo idamira pafupi ndi chilumba cha Kildin, ndipo adapulumuka ndi munthu mmodzi yekha. Ili pakuya mamita pafupifupi 240 ndi makilogalamu pafupifupi 800 a mafuta a nyukiliya ogwiritsidwa kale ntchito. Mkulu wa asilikali apamadzi a kumpoto, Gennady Suchkov, adapezeka wolakwa pa mlandu wosasamala ntchito, koma sadalowe m'ndende. Nthawi imeneyo akuluakulu adalonjeza kuti sitimayo ivuulidwa posachedwa. Zaka zoposa 20 zadutsa ili pomwepo, pakhomo penipeni pa nyanja ya Barents, kumene kuli nsomba za mtundu wa cod zochuluka kuposa kwina kulikonse padziko lapansi.

Tsopano ndiyenera kupereka mpata kwa amene amati nkhaniyi timaikokomeza, chifukwa ali ndi mfundo zenizeni. Pakati pa 1993 ndi 1996 bungwe la IAEA lidachita kafukufuku wa zinyalala za ku Kara, ndipo lidapeza kuti chiopsezo pa umoyo wa anthu n'chochepa. Akatswiri a ku Norway ndi Russia adapita limodzi kukayeza K-27 mu 2012 ndi K-159 mu 2014, ndipo sadapeze kuti sitimazo zikudontha. Nsomba za ku Barents zimayezedwa kawirikawiri ndipo zimapezeka zabwino. Ngakhale pa sitima ina ya nyukiliya ya Soviet Union yotchedwa Komsomolets, imene idamira mu 1989 m'nyanja ya Norway pakuya mamita pafupifupi 1,700, pamene akatswiri a ku Norway mu 2019 adapeza caesium, mtundu wina wa poizoni wa nyukiliya, wochuluka kuwirikiza ka 800,000 kuposa wa m'madzi wamba pa paipi ina yotulutsa mpweya, iwo eni adanena kuti poizoniyo amasungunuka msanga m'madzi ambiriwo moti saopseza nsomba. Ena amawonjezera kuti kuvuula sitima yowola n'koopsa kuposa kuisiya, chifukwa ikhoza kuthyoka ili m'malere. Amanenanso kuti caesium-137 ndi strontium-90 mphamvu yake imatsika ndi theka pa zaka pafupifupi 30 zilizonse, ndiye nthawi ili kumbali yathu.

Mfundo zimenezi ndimazilemekeza, ndipo sindikufuna kuopseza munthu ndi zinthu zimene kulibe. Koma taonani chimene zikunena kwenikweni. Zikunena kuti pa tsiku limene adayeza, chitsulo chidali chikadagwira. Sizikunena kanthu za chaka chamawa. Nthawi ikuchepetsadi mphamvu ya caesium, koma nthawi yomweyo ikudya makoma amene akumusunga, ndipo pulutoniyamu-239 amene ali m'mafutawo amafuna zaka pafupifupi 24,000 kuti atsike ndi theka. Yureniyamu wa mu K-27 naye sakufooka m'nthawi imene munthu angaiwerenge. Ndipo mfundo yoti kuvuula n'koopsa imakula mphamvu chaka chilichonse chimene boma lakhala chete. Sitima imene ikadanyamulika bwino mu 2005 ndi yovutirapo lero, ndipo padzafika chaka chimene akatswiri adzanene moona mtima kuti sizingathekenso. Tsiku limenelo akuluakulu adzati manja athu ndi omangika, chikhalirecho adadzimanga okha pozengereza.

Pali china chimene anthu oyeza cheza saika pa sikelo. Msodzi wa ku Finnmark, kumpoto kwa Norway, kapena ku Murmansk safunika kudwala kuti aluze. N'zokwanira kuti mbiri ingomveka kuti K-159 yayamba kudontha, ogula nsomba ku Ulaya ndi ku Asia n'kutembenuka. Nsomba zouma za ku Norway zimafika mpaka m'misika ya ku Nigeria. Msika wonsewo umayenda pa chikhulupiriro chakuti madzi akumpoto ndi oyera, ndipo chikhulupiriro chimenecho chikusungidwa ndi chitsulo chimene chidapangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960.

Nanga kodi n'zosatheka? Pa 12 Ogasiti 2000 sitima ya nyukiliya yoyenda pansi pa madzi ya Russia yotchedwa Kursk idamira m'nyanja yomweyo ya Barents, anthu 118 n'kufa. Dziko lonse linkaonera, mabanja a malemuwo ankalira pa wailesi yakanema, ndipo Putin adalonjeza kuti aivuula. Boma lidalemba ganyu makampani a ku Netherlands, Mammoet ndi Smit, ndipo mu Okutobala 2001, patangopita miyezi 14, chisitima chachikulucho chidali pamwamba pa madzi ndi mariyakita ake awiri. Kursk idali pakuya mamita oposa 100. K-27 ili pa mamita 33. N'zoona kuti Kursk idali yatsopano ndi yolimba pamene zinazi n'zowola, koma phunziro lake ndi loonekeratu. Pamene manyazi a boma adali pamaso pa anthu, ndalama zidapezeka, akatswiri adapezeka, ndipo ntchito idatha msanga.

Mtengo wake nawonso ukudziwika. Kafukufuku amene adalipiridwa ndi European Union adapeza kuti kuvuula zinthu 6 zoopsa koposa, kuphatikizapo K-27 ndi K-159, kungadye mayuro pafupifupi 278 miliyoni. Zinthu 6 zimenezi n'zimene zasenza gawo lalikulu kwambiri la poizoni yense amene ali pansi pa nyanjazo. Kwa munthu wamba ndalamazi n'zochititsa chizungulire, koma kwa dziko limene limagulitsa mafuta ndi gasi, limene likupanga sitima zatsopano za nyukiliya zoswa madzi oundana, ndiponso limene lakhala likuthira chuma chosaneneka m'nkhondo ya ku Ukraine kuyambira 2022, ndi ndalama zochepa. Mu 2020 boma la Russia lidaika ntchitoyi m'ndondomeko yake ya chigawo cha Arctic, ndipo pamene linkatsogolera Arctic Council, bungwe la maiko a kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kuyambira 2021 lidati iyi ndi imodzi mwa ntchito zake zazikulu. Mawu adalankhulidwa okoma, koma sitimazo zikadali pansi.

Chidachitika n'chiyani? Nkhondo. Russia italowa m'dziko la Ukraine mu Febuluwale 2022, maiko ena 7 a mu Arctic Council adaimitsa mgwirizano wawo ndi Russia, ndipo ndalama ndi ukatswiri wa kumadzulo zidatsekedwa. Apa m'pamene paonekera chilema chimene chidalipo kuyambira kale. Kwa zaka 30 ntchito yaikulu yoyeretsa kumpoto kwa Russia yakhala ikuyenda ndi thumba la alendo. Mu 2002 maiko 8 olemera a gulu la G8 atakumana ku Kananaskis m'dziko la Canada adalonjeza madola 20 biliyoni pa zaka khumi kuti athane ndi zida zoopsa zotsala, ndipo mbali ina ya ndalamazo idathandiza kuphwasula sitima za nyukiliya zakale, zimene zonse pamodzi zidafika pafupifupi 200. Ku Andreeva Bay, makilomita pafupifupi 50 kuchokera kumalire a Norway, kudaunjikidwa mitolo ya mafuta a nyukiliya pafupifupi 22,000 m'matanki owonongeka, ndipo ntchito yoichotsa idayamba mu 2017 chifukwa Norway, Britain, Sweden, Italy ndi ena adamanga misewu, madenga ndi makina onyamulira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: Norway idalipira chifukwa ili pafupi, ndipo idachita bwino. Koma thandizolo lidazoloweretsa boma la Russia kuganiza kuti kupanga sitima zatsopano ndi ntchito yake, pamene kukwirira zakale ndi ntchito ya anansi amantha. Lero anansiwo achoka, ndipo eni ake akulankhula ngati kuti ntchito yaima chifukwa cha zilango za azungu. Zilangozo sizidamize K-27. Amene adayambitsa nkhondo imene yatseka thandizolo ndi boma lomwelo limene lili ndi udindo wovuula.

Ndisamveke ngati ndikuti maiko akumadzulo ndi oyera m'manja. Kutali. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 mpaka 1982, Britain, Belgium, Netherlands, Switzerland, France ndi maiko ena adataya migolo yoposa 200,000 ya zinyalala za nyukiliya kumpoto chakum'mawa kwa nyanja ya Atlantic, ndipo Britain ndi amene adataya zambiri. Chimene chidaimitsa Britain mu 1983 sichidali chikumbumtima cha nduna, koma mabungwe a antchito a m'sitima ndi a mtengatenga amene adakana kunyamula migoloyo. Pakati pa Scotland ndi Northern Ireland pali chidzenje cha pansi pa nyanja chotchedwa Beaufort's Dyke, mmene boma la Britain lidataya zipolopolo ndi mabomba oposa matani 1 miliyoni. Mu 1995 zida zoyaka moto zidakokolokera m'magombe a Scotland zikwizikwi, ndipo mu 1997 boma lidavomereza kuti mudatayidwanso zinyalala za nyukiliya, chinthu chimene lidakhala likukana. M'nyanja ya Baltic muli matani pafupifupi 40,000 a zida za mankhwala oopsa zimene zidamizidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo asodzi a kufupi ndi chilumba cha Bornholm akhala akuvuula zibuma za mankhwala otentha khungu m'makoka mwawo. Fakitale ya Sellafield ku England idakhala ikutulutsira madzi a nyukiliya m'nyanja ya Ireland kwa zaka zambiri, ndipo mafunde adawanyamula kudutsa m'gombe la Norway mpaka kukafika ku Barents komweko. Choncho muyeso umene ndikuyezera Moscow ndi womwewo umene uyenera kuyezera London.

Kusiyana kulipo n'kwakuti kumene anthu ali ndi ufulu wofunsa, maboma amakankhika ngakhale pang'onopang'ono. Germany idapatula mayuro 100 miliyoni kuti iyambe kuchotsa mabomba akale m'madzi ake, mmene muli matani pafupifupi 1.6 miliyoni, ndipo ntchito yoyesera idayamba mu 2024 kufupi ndi Lübeck. Ndalamazo n'zochepa poyerekeza ndi kukula kwa vutolo, koma ndi boma likuvomera kuti zinthu zotayidwa zaka 80 zapitazo n'zake. Mu 2025 akatswiri a ku France adapita ndi loboti yoyenda pansi pa madzi kukafufuza migolo ya m'nyanja ya Atlantic ija, ndipo zimene adapeza adazilengeza poyera. Ku Kara lero kulibe mlendo amene angapite kukayeza yekha. Timangomva zimene mwini mlandu wasankha kutiuza, ndipo mwini mlandu ameneyu adanamapo kale pa nkhani yomweyi.

Malamulo a maiko onse nawonso ali ndi chibowo chimene maboma adachisiya dala. Pangano la ku London limaletsa kutaya zatsopano, koma silikakamiza aliyense kuvuula zimene adataya kale. Pangano la United Nations la malamulo a panyanja la 1982, limene Russia idalivomereza mu 1997, limati dziko lililonse lili ndi udindo woteteza nyanja ndi kuonetsetsa kuti zochita zake siziwononga madzi a anzake. Koma pangano lomwelo limapatula sitima zankhondo pa malamulo a zachilengedwe. Maiko amene adalemba malamulowa ndi omwewo amene adali ndi migolo pansi pa nyanja, ndiye adalemba modzisiyira pothawira. Zotsatira zake n'zakuti palibe khoti limene msodzi wa ku Norway kapena munthu wa mtundu wa Nenets angapiteko kukasuma kuti sitima ivuulidwe isanadonthe. Ayenera kudikira kuti chiwonongeko chichitike kaye, kenako ayesere kutsimikiza kuti poizoni amene ali m'nsomba zake adachokera mu chitsulo chakutichakuti.

A Nenets ndawatchulawa ali ndi nkhani yawoyawo. Iwo ankakhala pa Novaya Zemlya akusaka ndi kusodza, mpaka m'zaka za m'ma 1950 pamene boma lidawasamutsira kumtunda kuti zilumbazo zikhale malo oyeserapo mabomba a nyukiliya. Pa 30 Okutobala 1961 bomba lalikulu kuposa onse amene munthu adaphulitsapo lidaphulitsidwa kumeneko. Dziko likachotsedwa eni ake limasanduka malo opanda mboni, ndipo n'chifukwa chake kudali kosavuta kulisandutsa dzala. Aliyense amene amati ku Kara kulibe anthu ndiye zilibe kanthu, akumbukire kuti kulibe anthu chifukwa adathamangitsidwa. Komanso malowo sakhalanso kutali monga kale. Madzi oundana akusungunuka, sitima zamalonda zikuchuluka pa njira ya kumpoto yopita ku Asia, ndipo kampani ya Russia ya Rosneft idakumba kale chitsime chofufuzira mafuta m'nyanja ya Kara mu 2014. Boma likufuna phindu la nyanjayo koma silikufuna kuyamba laisesa.

Mwina owerenga ena akudzifunsa kuti ife a kuno, amene ambiri sitinaonepo nyanja yamchere, zikutikhudza bwanji. Zikutikhudza pa mfundo imodzi yooneka. Bungwe limene lapatsidwa ntchito yovuula zinthuzi ndi Rosatom, kampani ya boma la Russia yoona za nyukiliya, imene kuyambira 2018 imayendetsanso njira ya sitima ya kumpotoyo. Rosatom yomweyi ikumanga malo opangira magetsi a nyukiliya ku El Dabaa m'dziko la Egypt, ndipo mu 2018 idasainirana ndi Zambia pangano lomanga malo ofufuzira za nyukiliya. Ikuyenda m'malikulu ambiri a mu Africa ikulonjeza magetsi, ndipo kwa anthu otopa ndi kuzimazima kwa magetsi lonjezo limenelo ndi lokoma. Sindikuti tisamamvetsere. Ndikuti nduna iliyonse ya mu Africa imene ikukhala patebulo ndi Rosatom ili ndi ufulu, ndiponso udindo, wofunsa kuti zinyalala za kwanu komwe mudazitani, ndipo lonjezo la 2020 lija lili pati. Yankho la funso limeneli likutiuza zambiri za mmene adzasamalire zinyalala za kwathu kuposa chikalata chilichonse chosindikizidwa bwino.

Zimene ndikupempha sizifuna kuti nkhondo ithe kaye. Boma la Russia liike m'bajeti yake, ndi ndalama zake, mtengo wonse wovuulira K-27 ndi K-159, litchule chaka chimene ntchito iyambe, ndipo lipange kapena kugula chombo chonyamulira chimene likuti lilibe. Dziko lopanga sitima zoswa madzi oundana silingalephere kupanga chombo chotero. Litulutse mapu onse a malo amene kudatayidwa zinthu, ndi zotsatira zonse za kuyeza, kuti akatswiri akunja aziunike okha. Lichotse chiletso pa mabungwe ndi atolankhani amene amalondola nkhaniyi.

Maiko akumadzulo nawo asabisale kumbuyo kwa zilango. Norway ndi Russia zakhala zikukumana chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1970 kugawana nsomba za ku Barents, ndipo zokambirana zimenezo zidapitirira ngakhale nkhondo ya ku Ukraine itayamba, chifukwa mbali zonse zikudziwa kuti nsomba sizidziwa malire. Ngati khomo la nsomba lidasiyidwa lotsekula, khomo loyezera poizoni amene angaphe msika wa nsombazo lisiyidwenso lotsekula. Akatswiri aziloledwa kupita limodzi kukayeza, ngakhale andale sakupatsana moni. Ndalama zovuulira zichoke ku Moscow, koma maso oonera achoke kulikonse. Ndipo Britain, France, Belgium ndi anzawo, amene ali ndi mawu amphamvu ku bungwe loona za panyanja la International Maritime Organization ku London, atsogolere kutseka chibowo chija cha m'malamulo, kuti dziko lililonse lotaya likakamizidwe kuwerenga, kulondera ndi kuvuula zimene zingavuulike, kuyambira ndi migolo yawo yomwe.